Mafunso ndi Mayankho: Chitsime, Mjigo ndi Sepitiki Thanki pa Khomo la Kumudzi

Mafunso ali pansipa tawasonkhanitsa kuchokera kwa anthu amene akumanga, kapena amanga kale, nyumba kumudzi ndi m'matauni ang'onoang'ono a m'Malawi muno, kumene mipopi ya Water Board sinafike ndipo kulibe mapaipi a khonsolo otenga zonyansa. Ena mwa ofunsawo ndi opuma pa ntchito omwe akubwerera kwawo, ena ali ku South Africa kapena ku Britain ndipo akumangitsa potumiza ndalama. Pamene yankho laperekedwa kale, takulozerani ku funso lake.

Kodi chitsime ndi mjigo zimasiyana bwanji?

Chitsime chimakumbidwa ndi manja, chimakhala chotakata pafupifupi mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kawirikawiri chimalekezera pa mamita 5 mpaka 15, pamene wokumbayo wapeza madzi oyamba. Madzi amenewa amakwera m'dzinja ndi kutsika m'chilimwe, komanso ndiwo amayamba kulandira chilichonse chochokera pamwamba, kaya ndi cha m'chimbudzi kapena cha m'khola.

Mjigo umakumbidwa ndi makina, bowo lake ndi lopapatiza, ndipo m'madera ambiri a dziko lino umafika mamita 40 mpaka 60. M'bowomo amatsitsamo mapaipi a pulasitiki a mamilimita 110, ena otsekeka, ena okhala ndi timing'alu tolowera madzi. Chifukwa chakuti umatunga madzi apansi kwambiri ndipo kukamwa kwake kumamatidwa ndi simenti, mjigo womangidwa bwino suuma msanga ndipo madzi ake ndi otetezeka kuposa a chitsime. Chitsime ndi chotsika mtengo ndipo chimathandiza ndithu pamene madzi ali pafupi, koma chiyenera kumangidwa ndi njerwa kapena mikombero ya konkire mkati, kukhala ndi chivundikiro, ndi kuikidwa pampu m'malo mwa chingwe ndi ndowa zomwe zimagona pansi.

Nanga sepitiki thanki ndi chiyani, ndipo imagwira ntchito motani?

Ndi thanki ya zipinda ziwiri yomangidwa pansi, yosadontha, yomwe imalandira madzi onyansa ochokera m'nyumba. Madziwo akafikamo amadekha: zolemera zimamira ndi kusanduka matope, mafuta ndi zopepuka zimayandama pamwamba, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene sitifuna mpweya timawoletsa matopewo pang'onopang'ono. Madzi apakati ndiwo amadutsa kupita m'chipinda chachiwiri, kenaka n'kutulukira m'dzenje lomwetsa madzi, lomwe amisiri amalitchula kuti soakaway.

Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti madzi otuluka m'thankimo sanayere. Adakali ndi tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Ntchito yeniyeni yoyeretsa imagwiridwa ndi dothi louma lomwe madziwo amadutsamo akachoka m'dzenje lomwetsa lija. N'chifukwa chake mafunso a mtunda ndi a mtundu wa dothi ali ofunika kuposa kukula kwa thanki.

Kodi nyumba iliyonse ya kumudzi ikufunika chimbudzi chogejemula?

Ayi. Kugejemula kamodzi kumatenga malita 6 mpaka 9. Banja la anthu 6, aliyense akagejemula kasanu pa tsiku, latha malita 180 mpaka 270, ndiko kuti zigubu za malita 20 zosachepera 9, musanawerengere osamba, ophikira ndi ochapira. Ngati madzi amenewa azichita kusenzedwa pamutu kuchokera ku mjigo wa m'mudzi, chimbudzi chogejemula chidzasanduka chilango kwa amayi ndi ana, ndipo posakhalitsa chidzatsekedwa ndi loko. Pa khomo lotero chimbudzi chokumba chokhala ndi silabu ya simenti, paipi yotulutsa fungo ndi chivundikiro chimagwira ntchito bwino kwambiri.

Ngakhale mutakhala ndi pampu ndi thanki ya madzi, tikulangiza kuti musunge chimbudzi chokumba panja. Pa maliro, pa chinkhoswe kapena pa ukwati pamabwera anthu mazana, ndipo sepitiki thanki yomangidwira banja limodzi siingapirire chigulu chotero.

Ndiyambe ndi chiti, madzi kapena thanki, ndipo zitalikirane bwanji?

Malo a zonse ziwiri asankhidwe tsiku limodzi, maziko a nyumba asanakumbidwe, popeza zonsezi zimagwiritsa ntchito nthaka imodzi: chimodzi chimathiramo madzi, china chimatungamo. Mtunda womwe alangizi a zaumoyo amatchula ndi mamita osachepera 30 pakati pa chitsime kapena mjigo ndi chimbudzi, dzenje lomwetsa madzi, khola, dzala kapena manda. Gwero la madzi likhale kumtunda, zonyansa zikhale kunsi kwake, chifukwa madzi apansi nthawi zambiri amatsata kutsetsereka kwa malo. Pansi pa dzenje lililonse la zonyansa payeneranso kutsala dothi la mamita osachepera 1.5 musanafike pamene madzi apansi amafika m'mwezi wa February kapena March, mvula itakhathamira.

Mamita 30 ndi poyambira chabe. Pa mchenga wokhakhala wa m'mbali mwa nyanja, kapena pamene thanthwe long'ambika lili pafupi ndi pamwamba, madzi onyansa amathamanga mtunda wautali osasefedwa, choncho ndi bwino kufika mamita 50 kapena kuposerapo. Poyeza musaiwale zimbudzi za anansi, pakuti madzi apansi sadziwa malire a puloti. Ngati malo anu ndi ang'ono moti mitunda imeneyi siingatheke, sankhani chimodzi: mjigo pa malo ena mogwirizana ndi abale, kapena chimbudzi chosathira madzi pansi.

Kodi ndikufunika chilolezo kuti ndikumbe mjigo pa malo anga?

Inde. Lamulo la zamadzi la chaka cha 2013, Water Resources Act, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka ziphaso kwa makampani okumba mijigo komanso zilolezo zokumba ndi kutunga madzi apansi. Poyambira posavuta ndi ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu, komwe angakuuzeni mafomu oyenera ndiponso mbiri ya mijigo ya m'dera lanu. Ngati malo anu ali m'dera lomwe limatumikiridwa ndi Water Board, funsaninso kumeneko musanaitane makina. A mfumu adziwitsidwe, osati chifukwa cha ulemu wokha, koma chifukwa ndiwo akudziwa pamene panali manda akale kapena dzala lomwe linakwiriridwa.

Ndingadziwe bwanji kuti pansi pali madzi?

Yambani ndi zomwe sizilira ndalama. Funsani kuya kwa mijigo ndi zitsime zapafupi, mwezi womwe zimaphwa, ndi kakomedwe ka madzi ake. Mitengo monga mkuyu ndi katope imakonda pamene madzi ali pafupi, ngakhale kuti siinena kuchuluka kwake. Kenaka lembani katswiri woyeza nthaka ndi makina a magetsi, omwe amasonyeza pamene mwala unafumbutuka kapena kung'ambika. M'zigwa za kumtunda monga za Lilongwe, Kasungu ndi Mchinji madzi amapezeka m'mwala wofumbutukawo ndi m'ming'alu ya thanthwe, choncho malo awiri otalikirana mamita 50 okha akhoza kupereka zotsatira zosiyana kotheratu. Kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima ndi ku Karonga, madzi amakhala m'mchenga ndi m'miyala yokokoloka, ndipo vuto kumeneko kawirikawiri silikhala kuchuluka koma ubwino wake.

Kuyeza kumachepetsa mpata wokumba pouma, koma sikuuthetsa. Za anthu oyenda ndi timitengo kapena mawaya m'manja n'kumati akulozera pamene pali madzi, sitikulangizani kuikapo mamiliyoni anu.

Nthawi yabwino yokumba ndi iti?

Chitsime chikumbidwe kumapeto kwa chilimwe, mu October kapena kumayambiriro kwa November, pamene madzi apansi atsikiratu. Chokumbidwa mu April chimaoneka chodzadza koma chimauma mu September. Mjigo ukhoza kukumbidwa mwezi uliwonse, kungoti m'dzinja galimoto zolemera zimatitimira m'njira, ndipo kuyesa kuchuluka kwa madzi kumapereka chithunzi chokoma kuposa chenicheni. Maenje a zonyansa ndiwo amafuna kuti mudziwe pamene madzi amafika m'dzinja, monga tanenera pa funso la mtunda.

Ndisankhe bwanji kampani yokumba, ndipo m'pangano mulembedwe chiyani?

Ili ndilo funso lomwe limabwera ndi madandaulo ambiri, chifukwa pafupifupi ntchito yonse ya mjigo imakwiririka pansi, ndipo mwini amangoona pampu yonyezimira pamwamba. Funsani chiphaso cha kampaniyo, ndipo pitani mukaone mijigo iwiri kapena itatu yomwe inakumba zaka zingapo zapitazo, osati ya mwezi watha.

Pangano likhale lolembedwa. Linene mtengo wa mita iliyonse, kuya koyembekezeka, mtundu ndi kukhuthala kwa mapaipi, ndiponso amene adzalipire ngati bowo lapezeka louma. Mfundo yomalizayi ndiyo imadanitsa anthu. Makampani ena amalonjeza kuti popanda madzi palibe malipiro, koma mtengo wawo umakwera, ndipo pamakhala chiyeso choti aike pampu pa bowo la madzi ochepa kuti angolandira ndalama. Ena amalipiritsa mita iliyonse yokumbidwa, madzi apezeke kapena ayi. Njira zonse ziwiri zikhoza kuyenda bwino ngati pangano latchula kuchuluka kwa madzi komwe mukuvomereza kuti mjigo wapambana. Pa pampu ya manja muyezo wodziwika ndi lita imodzi pa masekondi 4, ndiko kuti malita 900 pa ola. Lembaninso tsiku lomwe mtengo wotchulidwawo udzathere mphamvu, popeza mafuta ndi mapaipi zimatsata dola. Amene anasunga makoteshoni akale pamene kwacha inagwa mu November 2023 akudziwa bwino zimenezi.

Pa tsiku lokumba pakhale munthu wanu wodziwa kuwerenga ndi kulemba. Awerenge zitsulo zoboolera zomwe zalowa pansi kuti adziwe kuya kwenikweni, awerengenso mapaipi otsitsidwa, ndipo aonetsetse kuti mapaipiwo afika pansi penipeni. Aone kuti m'mbali mwa mapaipi mwathiridwa timiyala tosefa tochapidwa bwino, osati dothi lomwe latuluka m'bowomo, komanso kuti mamita angapo a pamwamba amatidwa ndi simenti kuti madzi a pamtunda asatsikire m'mbali mwa paipi. Bowo lipemereredwe ndi mpweya mpaka madzi atayera, kenaka lipopedwe kwa maola angapo mosalekeza akuyeza mmene madzi akutsikira ndi mmene akubwererera. Pomaliza mulandire lipoti losonyeza kuya, mitundu ya dothi ndi miyala, pamene madzi anapezeka, pamene pali mapaipi a timing'alu, ndi zotsatira za kupopa kuja. Gawo lomaliza la malipiro lidikire lipotili.

Kwa amene mukumangitsa muli kunja, kanema wa madzi akuthovoka pa WhatsApp si umboni wakuti mjigo wapambana, chifukwa mpweya wa makina umathovotsa ngakhale madzi ochepa. Pemphani chithunzi cha lipoti, ndipo ngati n'kotheka lipirani woyang'anira wosachokera ku kampaniyo.

Ndiike pampu ya mtundu wanji?

Pampu ya manja yomwe yafala m'Malawi ndi Afridev, yomwe chiyambi chake ndi ntchito yoyesa mapampu kuchigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inakamalizidwa ku Kenya. Imakweza madzi kuchokera pa mamita pafupifupi 45, zipangizo zake zimapezeka m'magolosale ena a m'maboma, ndipo anthu awiri akhoza kusolola ndodo zake popanda makina. Pa chitsime chosazama pampu ya Malda kapena ya chingwe imakwanira.

Ngati mukufuna madzi m'nyumba, mufunika pampu yomira ya sola kapena ya magetsi a ESCOM, pamodzi ndi thanki yapamwamba. Kukula kwa pampu kutsate lipoti la mjigo, osati kukula kwa thumba lanu: pampu yokoka madzi ambiri kuposa omwe mjigo umapereka imaumitsa bowo, imakoka mchenga, ndipo imapsa. Ikhale ndi chozimitsa madzi akatha pansi ndi china chozimitsa thanki ikadzadza. Nsanja ya mamita 4 mpaka 6 imapereka mphamvu yokwanira shawa ya nyumba yopanda chipinda chapamwamba, koma kumbukirani kuti thanki ya malita 5,000 ikadzadza imalemera matani 5, choncho nsanjayo si ntchito ya wowotcherera wongophunzira kumene. Mapanelo a sola amakopa akuba. Amangidwe pamwamba ndiponso pafupi ndi nyumba.

Madzi anga ndi oyera mbee. Kodi n'kofunikabe kuwayezetsa?

N'kofunika, chifukwa tizilombo ndi michere yoopsa sizioneka ndi maso. Yezetsani mjigo ukangomalizidwa, kenaka kamodzi pa chaka m'nyengo ya mvula, komanso nthawi iliyonse pamene fungo, mtundu kapena kakomedwe kasintha. Unduna woona za madzi uli ndi labotale yaikulu ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi muyezo wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime wotchedwa MS 733. Pemphani botolo ndi malangizo ku labotale komweko, pakuti madzi otungira m'botolo la zakumwa n'kuyenda nawo tsiku lonse padzuwa sapereka zotsatira zoona.

Choyamba kuyeza ndi tizilombo ta E. coli, tomwe timasonyeza kuti zonyansa za munthu kapena za ziweto zikufika m'madzimo. M'madzi akumwa sitiyenera kupezeka n'komwe. Chachiwiri ndi nitrate, mtundu wa mchere womwe umachokera m'zimbudzi, m'makola ndi mu feteleza, ndipo ndi woopsa makamaka kwa makanda. Bungwe la World Health Organization linaika malire pa mamiligalamu 50 pa lita. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho pamene mukudikira zotsatira, kapena pamene m'dera mwabuka matenda, thirani WaterGuard kapena mankhwala a klorini ochokera kwa mlangizi wa zaumoyo, apo ayi wiritsani madzi akumwa.

Madzi ndi amchere, kapena ofiira, kapena ana akuthimbirira mano. Nditani?

Awa ndi mavuto atatu osiyana. Mchere ndi wofala ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa. Kuwiritsa kapena kuthira klorini sikuuchotsa, ndipo kukumba mozama nthawi zina kumauwonjezera, choncho m'madera amenewa funsani za mijigo yoyandikana nayo musanawononge ndalama. Kufiira kumachokera ku chitsulo cha m'nthaka kapena ku ndodo za pampu zomwe zachita dzimbiri. Sikudwalitsa kwenikweni, koma kumadetsa zovala ndi nsima. Madziwo akapitidwa mphepo, n'kudekha, n'kusefedwa pa mchenga, amayera.

Mano a mawanga a bulauni mwa ana omwe akulira pa mjigo umodzi amasonyeza kuchuluka kwa fluoride, yemwe amasungunukira m'madzi kuchokera m'miyala ndipo wapezeka wambiri m'madera monga Nathenje ndi Liwonde komanso pafupi ndi akasupe a madzi otentha. Malire a World Health Organization ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Kuwiritsa kumangomuwonjezera mphamvu chifukwa madzi amaphwerako. Pezerani ana madzi akumwa kwina, monga a mvula okololedwa padenga mwaukhondo, ndipo a mjigowo agwire ntchito zochapa ndi kugejemula.

Madzi osefukira alowa m'chitsime. Kodi chingagwirenso ntchito?

Chingathe, koma osamwa madziwo chisanatsukidwe. Mabanja ambiri a kuchigawo cha kummwera anakumana ndi zimenezi pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene zimbudzi zinagumuka ndi kusakanikirana ndi zitsime. Kapani madzi onse ndi matope, konzani ming'alu ya m'khoma ndi pa simenti yozungulira, thirani mankhwala a klorini amphamvu pa mlingo womwe mlangizi wa zaumoyo angakuyezereni, siyani usiku wonse, kenaka popani mpaka fungo la mankhwalawo litatha. Mukatero yezetsani monga tafotokozera pamwambapa. Madzi a klorini opopedwawo asalowe mu sepitiki thanki.

Sepitiki thanki ikhale yaikulu bwanji, ndipo imangidwe motani?

Madzi ayenera kukhalamo osachepera tsiku limodzi, ndipo pakhalenso malo osungira matope a zaka zingapo. Kwa banja la anthu 6 mpaka 8, thanki yosunga malita pafupifupi 3,000 imakwanira. Mwachitsanzo mamita 2.4 m'litali, mita imodzi m'lifupi, ndi madzi akuya mamita 1.3, kuyeza mkati. Chipinda choyamba chitenge magawo awiri mwa atatu a utali wonse. Paipi yolowetsa ikhale pamwamba pang'ono kuposa yotulutsa, ndipo zonse ziwiri zikhale ndi chigongono chooneka ngati T cholowa m'madzi, kuti zoyandama zisatuluke. Paipi yochokera m'nyumba ikhale ya mamilimita 110, yotsetsereka masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Chipinda chilichonse chikhale ndi chivundikiro chotseguka, ndipo pakhale paipi yotulutsa mpweya yopitirira denga, yotchingidwa ndi kaneti koletsa udzudzu.

Pansi pakhale konkire ndipo makoma apakidwe pulasitala wamphamvu. Musanakwirire, dzadzani madzi ndi kuona ngati atsika pakatha tsiku. Amisiri ena amanyengerera eni nyumba kuti asiye mipata m'makoma kapena pansi posawaka, amati kuti thanki isamadzadze. Imeneyo siikhalanso sepitiki thanki koma dzenje lothira zonyansa zosasefedwa molunjika ku madzi omwe mjigo wanu ukutunga. Kanani.

Nanga dzenje lomwetsa madzi, dothi lililonse limalola?

Si lililonse. Katondo ndi dothi losakanikirana ndi mchenga zimamwa bwino. Makande a kudambo ndi a kuchigwa cha Shire amafufuma akanyowa ndipo samwa konse. Kuti mudziwe, kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse pa kuya komwe madzi azidzatulukira, kadzadzeni madzi ndi kukasiya usiku, ndipo m'mawa mwake muthirenso ndi kuyeza. Ngati ola lathunthu latha madzi asanatsike masentimita 2.5, dothilo silingalandire madzi a nyumba yonse. Ngati angozimirira nthawi yomweyo, dothilo silisefa, ndipo mtunda wopita ku mjigo uyenera kuwonjezedwa.

Pamene madzi apansi ali pafupi, ngalande zazitali zosazama, zoyalidwa miyala ndi paipi yoboola, zimaposa dzenje limodzi lakuya, chifukwa zimamwaza madzi m'dothi la pamwamba lomwe lili ndi mpweya. Pamalopo pasadutse galimoto kapena ngolo, ndipo bulugamu, nsungwi ndi mikuyu zikhale kutali chifukwa mizu yake imalowa m'mapaipi. Udzu ndiwo woyenera pamwamba pake.

Ndi zinthu ziti zomwe siziyenera kulowa m'thanki?

Zisononkho, masamba, nyuzipepala, matewera, mapadi, makondomu ndi mapepala a pulasitiki zimatseka mapaipi ndipo siziwola msanga. Alendo ozolowera chimbudzi chokumba auzidwe mwaulemu, ndipo m'chimbudzimo mukhale pepala loyenera ndi kabini. Mafuta ophikira amaundana ndi kupha dzenje lomwetsa. Oyilo wa galimoto, penti, mankhwala a mbewu ndi mankhwala ochuluka ophera tizilombo amapha tizilombo tothandiza tija, ndipo ena amakafika m'madzi apansi. Madzi a padenga asalowemo. Mankhwala ogulitsidwa kuti amasungunula matope simukuwafuna, popeza tizilombo tofunikato timabwera tokha ndi zonyansazo.

Thanki ipopedwe liti, ndipo ndani angachite zimenezi kumudzi?

Kawirikawiri pakatha zaka 3 mpaka 5, koma muyezo weniweni ndi matope. Kamodzi pa chaka tsegulani chipinda choyamba, kulungani nsanza yoyera kunsonga kwa nsungwi yaitali, itsitseni mpaka pansi, ndipo muone pamene matope akuda alekezera. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, nthawi yakwana. Kudikira mpaka zitasefukira kumatanthauza kuti matope alowa kale m'dzenje lomwetsa, ndipo kukonza dzenjelo n'kodula kuposa kupopa.

Galimoto zopopa zimapezeka m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo zimalipiritsa mtunda, choncho anansi angapo akagwirizana tsiku limodzi mtengo umatsika. Funsani kumene akakhuthule. Malo oyenera ndi osefera zonyansa ovomerezeka, monga a ku Kauma mu Lilongwe, osati mumtsinje kapena m'munda wa munthu. Onetsetsani kuti akoka matope a pansi osati madzi okha, koma asiyeko pang'ono kuti kuwola kuyambirenso msanga. Kumene galimoto siingafike, kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo za pampu ya manja yokokera matope ndi dzenje lowakwiriramo, potsata mitunda yomwe tatchula kale.

Munthu asalowe m'thanki, ngakhale yopopedwa kale. Mpweya wa mmenemo umakomola m'kanthawi kochepa, ndipo kawirikawiri wolowa kukapulumutsa mnzake amatsalanso momwemo. Mpweya womwewo umayaka, choncho fodya ndi nyali za moto zikhale kutali.

Chimbudzi chikubwerera ndipo panja pakununkha. Vuto lili pati?

Tsegulani zivundikiro musanaitane aliyense. Ngati madzi a m'thanki ali pa mlingo wa paipi yotulutsa koma m'nyumba sizikuyenda, chatseka ndi paipi ya pakati pa nyumba ndi thanki, ndipo pulambala akhoza kuitsegula ndi ndodo. Ngati madzi akwera kupitirira paipi yotulutsa, ndiye kuti yatseka ndi paipiyo kapena dzenje lomwetsa lafa; chizindikiro chake ndi chinyezi ndi udzu wobiriwira kwambiri pamalopo m'chilimwe. Kupopa kumangopereka mpumulo wa masabata ochepa, ndipo mankhwala ake ndi dzenje kapena ngalande zatsopano. Ngati vutoli limabwera m'dzinja lokha, madzi apansi akukwera mpaka kumiza dzenjelo. Ngati madzi ali pansi kwambiri kuposa paipi yotulutsa, thanki ikudontha, ndipo madzi a mjigo ayezedwe mwamsanga.

Mjigo ukutulutsa madzi ochepa kuposa kale. Kodi wauma?

Nthawi zambiri vuto limakhala la pampu. Pa Afridev, ngati mukupopa kambirimbiri madzi asanabwere m'mawa, valavu ya pansi ikudontha. Ngati chogwirira chapepuka ndipo madzi ndi ochepa, labala yokweza madzi yatha. Ngati chikugwedera ndi kulira, mabushi aperepeseka. Tizipangizo timeneti n'totsika mtengo ndipo tiyenera kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse. Makaniko wa mijigo wa m'dera lanu, yemwe ofesi ya zamadzi kapena komiti ya mjigo wa m'mudzi ingakulozereni, amadziwa ntchitoyi. Pa pampu ya sola yambani mwapukuta fumbi pa mapanelo.

Ngati madzi amabwera bwino kenaka n'kuduka, n'kubweranso mukapumitsa, makamaka mu October, ndiye kuti madzi apansi atsika. Apa lipoti lija limathandiza, chifukwa limasonyeza ngati pali mpata wotsitsa pampu. Madzi a mchenga amasonyeza kuti bowo likufunika kupemereredwanso, kapena kuti paipi yasweka pansi.

Mnansi akukumba chimbudzi pafupi ndi mjigo wanga. Ndingatani?

Lankhulani naye dzenje lisanathe, ndipo ngati simukumvana itanani mlangizi wa zaumoyo ndi a mfumu kuti adzayeze mtunda pamaso pa onse. Mlangiziyo akhoza kumulozera malo ena pa puloti yake, kapena kumulangiza za chimbudzi chosazama chomangidwa chokwera pamwamba. Zokambirana zotere zimayenda mosavuta pamene mnansiyo amatunga nawo pa mjigowo, chifukwa madzi omwe akutetezedwa ndi omwe ana ake akumwa. Ngati mwalola anansi kutunga, gwirizanani poyambirira za maola otungira, za kandalama kogulira zipangizo, ndi za malo ochapira, omwe akhale kunsi kwa mjigo kumapeto kwa ngalande yotaya madzi. Ngati chimbudzicho chamangidwa kale ndipo sichingasunthidwe, yezetsani madzi anu kawiri pa chaka, m'dzinja ndi m'chilimwe, ndipo madzi akumwa muziwathira klorini nthawi zonse.